Makope a Womasulira

Rockingham, 3 Malichi 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi azakhali a Joan ndi onse kumeneko ku Ntcheu. Ife kuno kutsidya kwa nyanja tili bwino, kungoti dzuwa la chaka chino latiwamba ngati mbewa. Mdzukulu wanu Harvey akupereka moni, ngakhale moniwo wapereka m'Chingerezi chake chotulukira m'mphuno chija.

Ndalemba pamanja monga mwa lamulo lanu. Ndikudziwa kuti munthu amene anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu salola kuti nkhani yolemera idutse pa foni. Anzanga kuntchito amandiseka akandiona ndikumata sitampa, koma lero lamulolo ndalithokoza, chifukwa nkhani imene ndili nayoyi ndikanaiyamba pa foni mukanadula ndisanafike pakati.

Mukudziwa kuti ndimasamalira okalamba kunyumba ija ya ku Fremantle. Pakati pawo pali mayi ena a ku India a zaka 86, ndimawatchula kuti Agogo Vasanthi. Anali pulofesa wa filosofi, maphunziro aja ofunsa kuti munthu n'chiyani, chilungamo n'chiyani, ndiponso timadziwa bwanji zimene timati tikudziwa. Maso anasiya kuona, koma pakamwa m'pakuthwa ngati lumo. Tsiku loyamba anandikalipira chifukwa cha tiyi wozizira. Tsiku lachiwiri anandimva ndikuwerenga pepala la mankhwala mokweza, n'kunena kuti, "Iwe mawu suwameza ngati anzakowa. Khala pansi." Kuyambira pamenepo ndikaweruka shifiti ya m'mawa ndimatsalira ola limodzi kuwawerengera ndisanakakwere sitima.

Mabuku ake ndi akale, onunkha nkhungu. Anawalemba ndi anthu a ku India, koma m'Chingerezi, nthawi imene Angerezi ankalamulira dziko lawo. Limodzi mwa mabukuwo analemba ndi bambo awo a Agogo Vasanthi. Apa ndiye pali bala lawo. Akuti ali mtsikana, atangoyamba kuphunzitsa pa yunivesite dziko lawo litalandira kale ufulu, anaima pamaso pa anthu ambiri n'kunena kuti onse amene analemba nzeru zawo m'chinenero cha atsamunda anali mileme. Akuluakulu a kwawo, odziwa chinenero chakale cha mabuku opatulika, sankawayesa anzawo. Angerezi nawo ankawaona ngati ana asukulu obwereza mawu a aphunzitsi. Bambo awo anali momwemo, pamzere wachitatu. Anawomba m'manja pamodzi ndi anthu onse, n'kubwerera kunyumba, ndipo nkhaniyo sanaitchulepo mpaka kumwalira.

Tsopano, patapita zaka zonsezi, akufuna kubweza mawu awo asanafe. Amandiuza kuti, "Ndinagamula mlandu ndisanamve mboni." Tikamawerenga amandiimitsa, n'kuwomba patebulo, amvekere, "Wamva? Funso limeneli si la ku London ayi, ndi la agogo ake!" Akuti anthu aja anatenga mafunso a makolo awo n'kukawaimika m'chinenero cha olamulira, chifukwa kumeneko n'kumene mtundu wawo unkanenedwa kuti sudziwa kuganiza. Komanso wa kumpoto kwa India ndi wa kummwera, zinenero zawo zosiyana, akafuna kutsutsana ankakumana m'Chingerezi momwemo. Iwo amalankhula, ine ndimalemba pa kompyuta. Ndaphunzira zambiri kwaulere, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene ananditumiza kuchipinda chimenechi ndi tiyi wozizira.

Bambo, tsopano ndifike pamene ndikuopa. Pansi pa bedi la m'chipinda cha alendo panali bokosi la chitsulo lodzaza makope. Ndili mwana ndinalitsekulapo kamodzi, inu n'kundimenya dzanja. Chimene ndikudziwa n'chakuti makopewo ndi a bambo anu, Agogo Enock, amene anali womasulira m'khoti la pa boma nthawi ya Chitaganya, ndiponso kuti dzina lawo sititchula pakhomo pathu. Kodi bokosilo likadalipo? Ndikupempha kuti mapepala amenewo ndiwaoneko.

Ndine mwana wanu,
Dorcas


Ntcheu, 8 Epulo 2024

Nangozo,

Kalata yanu ya pa 3 Malichi ndailandira pa 5 Epulo. Yayenda masiku 33. M'nthawi yathu ikanayenda khumi ndi awiri, ndipo wochedwetsayo akanalemba lipoti.

Ndili bwino, kupatula bondo. Magalasi munatumiza aja anafika ndipo akugwira ntchito. Zikomo. Chimanga chaka chino chapsa ndi ng'amba, koma sitifa.

Nkhani ya mayi a ku India ndaimva. Nkhani ya mapepala sindinaimvetse, mpaka mlongo wanga Joan, amene amadziwa zonse za kunja ngakhale sanadutsepo Dedza, anandiunikira. Iye akuti kumeneko munthu akaonetsa mapepala akuti agogo ake anatumikira boma la mfumu ya Angerezi, unzika amampatsa msanga. Ngati ndi choncho, mwazungulira patali, kudzera ku India, pofuna chinthu cha pansi pa bedi. Yankho langa ndi lakuti ayi. Kuwawa kwa dzina limenelo ndinadya ndine, ndipo sindilola kuti wina akadyerepo kutsekemera kwake.

Inu munabadwa zinthu zitazizira. Mawu akuti kapirikoni munangowamva m'nyimbo, koma ife linali dzina lathu. Ankatero ponena munthu wogulitsa anzake kwa atsamunda. Mzungu ankagamula m'chinenero chake, koma anthu ankamva zaka za ukaidi kuchokera pakamwa pa bambo anga. Ngakhale mlamu wawo weniweni, mchimwene wa amayi, anamva chilango chake kuchokera pakamwa pomwepo. Anthu anasiya kutipatsa moni. Amayi ankapita kuchitsime dzuwa lili paliwombo kuti asakumane ndi akazi anzawo. Ndipo eni akewo akaweruka ankakhala patebulo n'kumalemba, kulemba, kulemba, m'chinenero chimene mkazi wawo sankachidziwa. Atamwalira mu 1978, pogawa katundu wa maliro bokosilo aliyense analikana, ndiye linagwera ine. Sindinatsekulepo kope ngakhale limodzi.

Tsopano mumve za pakhomo. Ziliza tidzavundukula Loweruka pa 17 Ogasiti. Zidzakhala ziwiri: cha amayi anga ndi cha malemu amayi anu. Manda achitatu aja, a mwini bokosi, ali ndi nkhadze imene anabzala adzukulu tsiku la maliro, ndipo nkhadzeyo ikukwanira. Sabata yolambula kumanda ndidzasesanso m'nyumba muno, ndipo za m'bokosizo zidzapsa pamodzi ndi zinyalala zina. Sindikufuna kuti ndikadzafa mudzalimbanenso nazo.

Mayi a ku India aja muwapatse moni. Muwauze kuti iwo anali ndi mwayi. Bambo awo anawawombera m'manja. Anga ngakhale kudzutsa mutu sanadzutse.

Ndine bambo anu,
Brown E. Ngozo


Ntcheu, 21 Epulo 2024

Dorcas mwana wa achimwene,

Moni, moni! Ine ndili bwino, kaya iwe ndi kazungu kako Harvey? Kalata iyi ikupeza kudzera kwa Mayi Mulenga a ku Zambia aja, nesi wa ku tchalitchi kwanu, amene anabwera ku Lilongwe ku ukwati wa mphwawo. Ine za positi ndilibe nazo ntchito, ndimasiyira bambo ako ndi masitampa awo.

Bambo ako akwiya, pakhomo pano ngakhale nkhuku zikuyenda monyang'ama. Koma usadandaule, mwana wanga, zakhali ako alipo. Unzika umenewo uupeza basi. Fupa lokakamiza limaswa mphika, ndiye achimwenewo tiwasiye, ife tidzere kuseri.

Koma ndiyambe ndaulula tchimo, poti ndine wa Mvano. Ukudziwa kuti ndimagulitsa mandasi pa depoti. Manyuzipepala masiku ano asowa, aliyense nkhani akuwerengera pa foni. Ndiye chaka chatha ndikusesa m'chipinda cha alendo ndinaona bokosi lija, ndinati, mapepala abwinobwino kumangodyedwa ndi njenjete? Makope analipo khumi ndi anayi. Awiri ndi theka anapita ndi mandasi. Mphunzitsi wina wa ku sekondale anawerenga pepala limene ndinamukulungira, amvekere, "Mayi, mandasi anuwa ndi ophunzira." Ine kuseka, osadziwa kuti ndikukulungira unzika wa mwana.

Mapepala ena amene ndinang'amba m'kope lachitatulo anali akadali m'dengu mwanga, ndi amene ndakutumizirawa. Alipo khumi ndi limodzi. Ndasankha okhala ndi madeti pamwamba, poti a imigireshoni amakonda madeti. Mafutawo usadabwe nawo, ungowauza kuti ndi chidindo cha ku Ntcheu. Kubokosi sindingapitenso, achimwene aikapo loko.

Ine Chingerezi cha bambo athu sindichimva, n'chopiringizika. Komanso za kapirikonizo ndinali wakhanda, sindinazione. Ine amene ndikuwakumbuka ndi munthu wachete, wolima fodya ndi mbatata, amene ankandisenza paphewa popita kumsika. Ntchito ya kukhoti akuti anawachotsa azungu omwewo, ndiye anataya uku ndi uku. Achimwene akamanena za iwo ndimangoti chete, chifukwa zimakhala ngati tinabadwa kwa amuna awiri osiyana.

Ukapeza unzikawo usandiiwale. Ndikufuna nsapato zofewa zimene mumavala manesi zija, saizi sikisi, mapazi anga atha ndi kuima pa depoti.

Ine zakhali ako okukonda,
Joan


Rockingham, 2 Juni 2024

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu inafika pa 20 Meyi. Ndinalira mu sitima kuyambira ku Perth mpaka ku Kwinana, kenaka ndinayamba kuseka ndekha ngati wamisala. Bambo, unzika ndinalandira kale chaka chatha mu Novembala! Ndinakuuzani m'kalata ya Khirisimasi, imene tsopano ndaona kuti sinafike. Kuno safunsa za agogo a munthu. Sindinafune kudyerapo kanthu pa dzina limene linakupwetekani, ndipo pepani kuti pempho langa linamveka choncho. Ndikuthokoza kuti mwandiuza zimene simunandiuzepo chibadwire.

Musawakalipire azakhali, koma anditumizira mapepala khumi ndi limodzi a m'makope aja. Momwe anawapezera akuuzani okha. Ndinapita nawo kwa Agogo Vasanthi, ndipo asanamve liwu lililonse ananunkhiza n'kufunsa ngati ndabwera ndi chakudya.

Musaganize kuti anangoyamikira. Masamba awiri oyamba anati, "Uyu akudzionetsera, mawu ataliatali ngati bambo anga. Pitiriza." Titafika tsamba lachitatu anasiya kugwedeza mwendo. Agogo Enock sankalemba za malipiro kapena zotamanda azungu. Ankatsutsana ndi woweruza amene ankamumasulira. Woweruzayo ankakhulupirira kuti mlandu ndi wa munthu mmodzi, amene anachita ndi dzanja lake. Agogo ankati kwathu sizitero, chifukwa munthu sakhala yekha: wina akalakwa mlandu umalowa m'nyumba yonse, malume ndi abale amakakhala nawo pabwalo, ndipo sutha mpaka mabanja awiriwo atapatsananso moni. Ankayala mfundo imodziimodzi, n'kudzifunsa okha zimene mzunguyo akanayankha, n'kumuyankhanso. Agogo Vasanthi anati, "Ameneyu sakubwereza za mwini chinenero. Akumuzenga mlandu m'khoti lake lomwe."

Kenaka tinafika pa tsamba la pa 17 Malichi 1959. Ndalimasulira mmene ndathera:

"Mwana wanga wabwera kuchokera kusukulu magazi ali chuchuchu pamphumi. Waima pakhomo, akundiyang'ana. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikulemba m'makope muno kuti anthu a kwathu akunena zoona, kuti mlandu wa munthu ndi wa nyumba yake yonse. Lero anthu a kwathu alemba chiphunzitso chomwecho ndi mwala pamphumi pa mwana wa zaka khumi. Ngati ine ndikulondola, ndiye kuti mwalawo sunalakwe. Ngati mwalawo walakwa, ndiye kuti ndalakwa ndine ndi zonse ndalembazi. Lero sindikufuna kulondola. Ndikulephera kudzutsa mutu, chifukwa dzanja limene laponya mwalawo ndi langa."

Nditamaliza ndinaika pepalalo patebulo. Kenaka Agogo Vasanthi anandifunsa kuti, "Bambo ako ali ndi chipsera?" Ndinati inde, pamwamba pa diso lakumanzere, anagwa pa njinga ali mwana. Iwo anangofunafuna dzanja langa n'kuligwira.

Bambo, simunagwe pa njinga.

Andituma mawu awa, ndipo andilumbiritsa kuti ndisawafewetse. Akuti sakukupemphani kuti mukhululuke, chifukwa chipsera ndi chanu, si chawo. Akuti mwina m'makope enawo muli zopusa, mwinanso zokwiyitsa, pakuti ngakhale mabuku a kwawo amene akuwateteza ena ndi osalimba. Chimene akupempha n'chakuti muwerenge musanatenthe, ndipo mukapeza polakwika mutsutse. Akuti munthu woganiza ulemu wake ndi kumutsutsa utamumva, ndipo iwo bambo awo anawamana ulemu umenewu.

Tsambalo ndaliika m'kati muno, lenilenilo, ndi mafuta ake omwe. Ndaopa positi poti inadya kale kalata imodzi, choncho ndapatsira a Fraser a ku tchalitchi kwathu amene akubwera kumudzi pakati pa Julaye. Ndikudziwa kuti nthawi yatsala pang'ono. Makopewo ndi anu, ndipo chimene mudzachite ndidzachilemekeza.

Mwana wanu,
Dorcas


Ntcheu, 29 Julaye 2024

Dorcas,

Iyi ndajambulitsa pa foni ya a Nachisale oyandikana nafe, siingadikire. Moni uwapatse onse.

Iwe mwana, bwanji osanena kuti unzika uli nawo kale? Ine kuvutika kusankha madeti!

A Fraser anafika pa 20. Bambo ako anawerengera kalata yako pakhonde, kenaka anatulutsa kapepala ka mafuta kaja. Anakawerenga ataimirira. Anakhala pansi, n'kukawerenganso. Atatero anandiitana n'kufunsa kuti makope ndinang'amba angati. Ndinaulula zonse, ndikudikira bingu, koma anangodzuka n'kulowa m'nyumba. Ine ndikanakonda akanandikalipira.

Bokosi analikokera kuchipinda kwawo, ndipo sabata yonse akhala akudzitsekera. Chakudya akungotola pang'ono. Dzana ndikuchokera ku depoti ndinaona utsi kuseri kwa nyumba, ndipo bokosi lili pakhonde, lotsekula, mulibe kanthu. Sindinayerekeze kufunsa.

Pepa mwana wanga, ndikuganiza kuti atentha. Tinayesetsa. Ndikanadziwa kuti zidzathera pamoto, bola ndikanakulungira mandasi onse, anthu akanawerengako.

Zakhali ako,
Joan


Rockingham, 4 Ogasiti 2024

Azakhali,

Zikomo pondiuza msanga, nanenso ndayankhira pa foni ya a Nachisale. Nsapato ndagula, zibwera ndi munthu woyamba kupita kumudzi. Musadziimbe mlandu. Popanda dengu lanu la mandasi, ine sindikanamva liwu la agogo anga ngakhale limodzi.

Ndinawauza Agogo Vasanthi za utsiwo. Ndinkayesa akhumudwa, koma anati, "Anawerenga tsamba limodzi kawiri. Ine bambo anga ali moyo sindinawerenge ngakhale limodzi." Nkhani yawo yobweza mawu ija tinaimaliza Lachinayi. Chiganizo chomaliza anachisintha kasanu, ndipo pamapeto anangoti ndilembe dzina la bambo awo pamwamba ndi mawu akuti, "Kwa munthu wa pamzere wachitatu."

Kungomaliza, mphamvu zawathera. Sakudzukanso pabedi, akungomwa timadzi, ndipo adokotala aitana mwana wawo wa ku Sydney. Manesi akuti ndi nkhani ya masabata ochepa. Komabe ndikalowa amafunsa kuti, "A positimasitala ayankha?" Ndimawauza kuti kalata zochokera kwathu zimayenda pansi.

Bambo musawafunse kanthu. Mukaona kuti mtima wawo uli m'malo, mungowauza kuti sindinakwiye, ndipo ndikuwathokoza kuti anawerenga. Pa 17 mudzandijambulire ziliza za amayi ndi agogo aakazi.

Mwana wanu,
Dorcas


Ntcheu, 18 Ogasiti 2024

Dorcas mwana wanga,

Ndili bwino. Bondo latupa chifukwa choima dzulo tsiku lonse, koma mwambo unayenda bwino, anthu anabwera ambiri ndipo thobwa linakwanira.

Zakhali ako, amene unawauza kuti asandifunse kanthu, anandiwerengera kalata yako yonse tsiku lomwelo, ataima pakhomo pa chipinda changa. Ndiyambe ndi kukonza lipoti lawo labodza. Utsi umene anauona unali wa sanza ndi chisa cha makoswe zimene zinali pansi pa bokosi. Makope khumi ndi limodzi, ndi theka lija anasiya a mandasi, ali patebulo panga. Magalasi ako agwira ntchito imene sunawatumizire.

Za njinga ndinakunamiza, ndipo ndinanamizanso amayi ako mpaka kumanda. Tsiku lija ndinaima pakhomo paja ndikudikira kuti bambo anga adzuke, andigwire, afunse kuti wandigenda ndani. Cholembera chinangopitiriza kuyenda. Zaka 65 ndakhala ndikudziwa kuti ankalembera azungu ake ine ndikukha magazi. Sindinaganizepo kuti ankalemba za ine.

Tsamba lotsatira linali m'bokosi, linapulumuka kwa Joan. Ndi kalata yosiya ntchito, ya pa 18 Malichi, yoyeserera katatu. Tonse tinkadziwa kuti anachotsedwa, ndipo anthu ankaseka kuti galu wa mzungu wathamangitsidwa ndi mbuye wake. Iwo sanatsutsepo. Funso la mwala lija analimbana nalo zaka zinayi, makope asanu athunthu, akulima fodya. Pena amagonja n'kuvomera kuti woweruza uja ankanena zoona, mawa lake n'kubwereranso. Mu 1963 ndi pamene analemba chimene ndikuona kuti ndi yankho lawo. Akuti ogenda aja anatenga theka la mwambo n'kusiya theka. Mlandu umagwera nyumba yonse kuti achuluke manja okonza, osati mitu yogendedwa.

Mayi a ku India anati ndikapeza polakwika nditsutse. Uwauze kuti ndatsutsa mpaka cholembera chofiira chatha inki. Za mlamu wawo uja akudziteteza ndi mfundo zambiri, koma sindikugwirizana nawo, akanatha kukana kuima m'khoti tsiku limenelo. Ndipo ngakhale tsamba lija ndi lokhudza mtima, anayenera kudzuka pampando. Mwana wa zaka khumi sawerenga za m'kope, amaona nkhope. Zimenezi ndinakawauza ndekha Lachiwiri, nditaima pa nkhadze paja, mokweza, mpaka mmisiri anasiya kusakaniza simenti. Aka n'koyamba kukangana ndi bambo anga. Ndinabwerako mtima uli myaa.

Ziliza tavundukula zitatu. Joan ndinamuletsa kukuuza, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire wasunga chinsinsi masiku asanu. Nkhadze sitinadule, taisiya kumutu, pakuti ndiyo inawasunga pamene ine ndinawataya. Pamwalapo talemba kuti Enock Ngozo, Womasulira. Ena anati mawu amenewo tisaike, adzutsa zakale. Ine ndinati ntchito yawo inali imeneyo, ndipo anaigwira kwambiri atachoka kukhoti kusiyana ndi ali komweko. Abusa atatha pemphero ndinawerenga masamba awiri aja, a pa 17 ndi 18 Malichi, pamaso pa mudzi wonse, m'Chichewa, nditamasulira ndekha. Amayi anga anamva dzulo, ali m'manda oyandikana nawo, zimene mwamuna wawo ankalemba patebulo paja. Enawo ndiziwamasulira pang'onopang'ono, kuti Joan amve zimene ankakulungira, ndipo Harvey adzawerenge Chingerezicho akadzakula.

Zikomo mwana wanga chifukwa chosandimvera. Ndili mwana ndinagendedwa chifukwa cha bokosi limenelo, iwe uli mwana ndinakumenya dzanja chifukwa cha bokosi lomwelo. Pepa.

Tsopano mawu a Mayi Vasanthi. Uwawerengere mokweza, usameze liwu. Amayi, sitinaonanepo ndipo sitidzaonana, koma mwandibwezera bambo. Ndilibe chokupatsani kupatula chimene ndikudziwa monga bambo wa mwana wamkazi wamakani. Munthu wa pamzere wachitatu uja sankawomba m'manja pobisa manyazi. Anaona mwana wake ataima pagulu, akuyala mfundo mopanda mantha monga anamuphunzitsira, ndipo ananyada ngakhale mfundozo zinkagenda iye. Ine ndawomba m'manja chimodzimodzi powerenga kalata ya Dorcas ya pa 2 Juni. Musapite ndi katundu ameneyo, mwini wake anakutulani tsiku lomwelo.

Dorcas, wati mayiwo atsala ndi masabata ochepa, ndipo positi ya masiku ano imayenda masiku 33. Choncho ndaitana a Nachisale ndi foni yawo, ali pano akudikira kuti ndisaine. Usachedwe, kwera sitima lero lomwe.

Kalata yeniyeni ikubwera pambuyo, ndi sitampa yake.

Ndine bambo ako,
Brown, mwana wa Enock